Mpando wa Pawindo

"Mwana wanga akalowe khomo limenelo ine ndili moyo? Ayi mayi, muyambe mwandiika m'manda!"

A Wailesi ananena izi ataima pakati pa chipinda chochezera, thaulo lili paphewa, chipeso chikusuzumira m'thumba la malaya, dzanja likugwedeza kapepala ka kuchipatala. Ntchito yawo inali yometa anthu tsitsi, ndipo dzina la Wailesi anawapatsa ndi anthu omwe ankawametawo, chifukwa bamboyu akayamba kuyankhula pankasowa pothimitsira.

"Khomo lake loopsa liti?" akazi awo anafunsa, maso ali pa diresi la sukulu limene ankasita. "Ndi kachipinda chabe, muli mipando ndi mayi mmodzi wodziwa kumvetsera ana. Adokotala analemba okha kuti mwanayu akaonane ndi mlangizi. Mwezi wachiwiri uno inu mukungobisa kapepalako pansi pa matiresi."

"Kachipindako ndikukadziwa ine. Kali kuseri, pafupi ndi kumene amasungira odwala misala. Munthu mmodzi angomuona akutuluka m'menemo, basi, mawa dera lonse lamva kuti mwana wa wometa uja mutu wasokonekera. Adzamukwatira ndani? Bongololo sadzolera mafuta pagulu, mayi."

Mayiwo anakhazika simbi pansi n'kuseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Inuyo, bambo, kunena za bongololo? Inu amene mumadzolera pamsewu n'kuitana anthu kuti adzaonerere? Tamverani. Mayeso atsala masabata anayi. Akalembera kusukulu yaikulu ija, ulendo wa theka la ola paminibasi, wapansi maola anayi. Chichitikireni ngozi mwana ameneyu sanapondepo m'galimoto. Akangomva hutala amagwira khoma. Kumayesoko akapita pa msana panu?"

"Timantha ta ana timeneto! Anatuluka m'minibasi yophwanyika ngati chitini, fupa ngakhale limodzi losathyoka. Anthu atatu anatisiya, iye zikande ziwiri zokha. M'malo movina mukufuna tizilira?"

"Safunsa anadya phula. Mwamufunsapo mwini wakeyo ngati akufuna kuvina?"

Mwana amene ankamukanganiranayo anali pakhonde, akumanga zingwe za nsapato. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pakhomopo ankamutchula Mpheta, chifukwa kale ankalongolola kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutengera bambo ake. Tsopano ankayankha ndi mutu basi.

Tisawanamizire a Wailesi, mwana wawo ankamukonda koopsa. Tsiku la ngozi anathamangira kuchipatala opanda nsapato, akulira msewu wonse. Atamupeza wamoyo chimwemwe chinawakwera kumutu, ndipo sichinatsikenso. Anamupatsa dzina latsopano, Chozizwa, n'kuyamba kulalikira.

Malo awo ometera anali kachipinda kophatikiza ku nyumba. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi la odikira ndi makina ometera olira ngati njuchi. Khoma lolekanitsa kachipindako ndi nyumba linali la matabwa, ndipo kuseri kwa matabwawo n'kumene kunali tebulo limene Mpheta ankawerengerapo akaweruka kusukulu. Aliyense wokhala pampando wozungulirawo ankameteredwa nkhani ya ngozi ili mkati, afune asafune.

"Tayala la kutsogolo kuti phuu!" ankatero a Wailesi, makina ali m'mwamba, mutu wa munthu utametedwa mbali imodzi. "Minibasi gubudu, gubudu, gubudu, katatu!"

"Sabata yatha munati kawiri," wina pabenchi ankawakumbutsa.

"Kachitatuko ndinali ndisanakamve bwino. Koma tcherani khutu, abale anga, nkhani ili apa. Mwana wanga anakhala pawindo. Pawindo penipeni, mbali imene inakhula pamsewu. Kutatsala mphindi zisanu, chinachake chinamunong'oneza kuti iwe, choka apa. Basi n'kusinthana mpando ndi mnzake wa m'kalasi. Mphindi zisanu! Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwawo anandiuza ndi pakamwa pake. Amene anasunthira pawindoyo, pepani, lero kulibe. Wangayu akuyenda ndi miyendo iwiri. Mukuti si chozizwa chimenecho? Chozizwa! Tabwera kuno amalume ako akuone!"

Pabenchi ankawomba m'manja, ena kuimba mluzu. Mpheta ankasuzumira pakhomo, kupereka moni n'kubwerera ku tebulo lake. Tsiku la makasitomala ambiri nkhaniyi inkakambidwa kakhumi.

Za mantha a galimotowo a Wailesi anali ndi mankhwala awoawo. Anali ndi mnzawo woyendetsa minibasi, amene anthu ankamutchula Hutala, ndipo awiriwa anapangana ali kuseka ngati ana oba shuga.

"Munga amauchotsa ndi munga unzake, achimwene," anatero a Wailesi. "Tingomulowetsa mwadzidzidzi, tizungulire naye kamodzi. Pofika pakona adzakhala akuseka yekha. Mayi akewo adzasowa chonena."

Loweruka m'mawa Hutala anaimika minibasi pakhomo n'kuzimitsa injini. A Wailesi anaitana mwana wawo.

"Chozizwa, tatitengera chikwama chili pampando wakumbuyowo. Usaope, injini yazima, ukuona wekha."

Mpheta anayang'ana bambo ake. Kenako, poti ndi mwana womvera, anaponda mwendo umodzi n'kutambasula dzanja. A Wailesi anamukankhira mkati, n'kulumphira momwemo, chitseko gwa! Hutala analiza injini, ulendo unayambika, amuna awiri akuluakulu akuseka.

Mpheta sanaseke. Anauma gwa, maso ali tong'o, mpweya ukutuluka modukiza. Kenako anayamba kumenya galasi ndi manja onse awiri, akukuwa ndi mawu amene bambo ake anali asanawamvepo.

"Ndibwezere mpando wanga! Choka pamenepo! Ndibwezere mpando wanga!"

"Mpando uti, mwanangu? Mipando yonseyi ndi yako, sankha!"

Hutala ndiye anayamba kuzindikira kuti masewera atha. Anaima asanafike n'komwe pakona paja. Mpheta anatsika, n'kusanza m'mbali mwa msewu, dzanja likutuluka magazi, anthu ogula ndi ogulitsa ataunjikana. Bambo ake atafuna kumugwira anawakankha, n'kubwerera kunyumba yekha.

Akazi awo sanakuwe tsiku limenelo, ndipo zimenezo n'zimene zinawaopsa a Wailesi.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," mayiwo anatero akumanga dzanja la mwana ndi bandeji. "Munkaopa kuti anthu amuona akutuluka kwa mlangizi. Lero amuona akusanza pamsewu. Lolemba ine ndi mwana tikupita kuchipatala. Mukaletsa, tikapitirira kwa achemwali anga, inu mutsale muzimeta ndi kudziphikira."

"Chabwino, ndipita nanu," a Wailesi anayankha, mawu atachepa. "Koma ndikupita kukamuuza mayi ameneyo kuti mwana wanga ndi wabwinobwino."

Lolemba anavala chipewa chachikulu ndi magalasi akuda kuti asadziwike. Chipatala chinali pafupi, anayenda pansi onse atatu. Atangofika pageti mlonda anakuwa.

"A Wailesi! Bwanji magalasi, mwadwala maso?"

"Ndaperekeza odwala, achimwene, odwala ena chabe," anayankha akuyang'ana kumbali, akazi awo akudziluma mlomo kuti asaseke.

Mlangizi uja anali mayi wamfupi, wachitsikana ndithu, wovala nsapato zosalala ndi juzi yotuwa. A Wailesi atamuona mtima unakhala pansi, anati uyu ndimumaliza ndi mawu awiri. Anavula magalasi n'kuyamba. Anafotokoza za tayala, za kugubuduka, za mpando wa pawindo. Mlangizi anamvetsera mpaka kumapeto osawadula, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo.

"Mumaikamba bwino, bambo," anatero. "Munalimo m'minibasimo?"

"Ayi, koma anandiuza ndi anthu odalirika."

"Nanga mwana wanuyu anakufotokozeranipo yekha?"

A Wailesi anatsegula pakamwa. Anafufuza m'mutu miyezi iwiri yonse, osapeza tsiku limene Mpheta anakambapo za ngoziyo.

"Ndiye nenani, mayi," anatero mokwiya pang'ono. "Mukuti mwana wanga ndi wamisala?"

"Ayi. Mutu wake uli bwinobwino. Munthu akaona zoopsa, nthawi zina thupi limachira koma mtima umatsalira pamalo pomwepo. Hutala ya galimoto ikalira, kwa iye ngozi ija ikuchitika lero lino. Zimagwira madalaivala, asilikali, anamwino, ana a sukulu. Zimachira, koma osati pomukankhira m'galimoto. Tsopano ndikupempha kuti inu ndi mayi mudikire panja."

Anadikira pabenchi ola lathunthu, a Wailesi atabwezera magalasi. Lachinayi anabweranso, n'kudikiranso. Lolemba lotsatira mlangizi anasuzumira pakhomo.

"Bambo, mwana wanu akuti mulowe. Ali ndi mawu. Koma pali lamulo: simuyankhula mpaka iye atamaliza."

"Ine? Chinthu chapafupi chimenecho. Ine ndine munthu wofatsa, funsani mayi akewa."

Analowa, anakhala, n'kukhalira manja awo kuti asamagwedezeke. Mpheta anayamba, maso ali pansi.

"Ababa, palibe chimene chinandinong'oneza."

"Koma mayi uja anati..."

Mlangizi anakweza chala chimodzi. A Wailesi anameza mawu.

"Dzuwa linkandiwotcha pawindopo," Mpheta anapitiriza. "Ndinamuuza mnzanga kuti tisinthane. Anakana, anati wakhala bwino. Ine ndinamukakamiza. Ndinati ukakana sindikubwerekanso buku la masamu. Anaseka, anati ndiwe mfiti iwe, n'kusuntha. Mawu ake omaliza ndi amenewo. Mpando uja unali wanga, ababa. Ndiye inu mukamati chozizwa, ine ndimamva kuti ndinamupha. Matabwa aja satchinga mawu. Tsiku lililonse mumanena kuti amene anakhala pawindo lero kulibe, anthu n'kuwomba m'manja, kenako mumandiitana kuti adzandione."

A Wailesi anachita manyazi amene anali asanachitepo chibadwire. Anafuna kunena kuti sankadziwa, kuti chinali chikondi, kuti amukhululukire, koma chala cha mlangizi chinali chikadali m'mwamba, ndipo nthawi ino iwo anachithokoza chalacho, chifukwa mawu onsewo anali ochepa.

"Pamene unkamuuza kuti musinthane," mlangizi anafunsa mwanayo mofatsa, "unkadziwa kuti tayala liphulika?"

"Ayi."

"Unkafuna chiyani?"

"Mthunzi."

"Mthunzi basi. Funso limeneli tidzalifunsanso Lachinayi, ndi sabata yamawa, mpaka mtima wako udzamve zimene pakamwa pako payankha. Bambo, tsopano mukhoza kuyankhula."

A Wailesi anavula chipewa n'kuchipinda m'manja.

"Mpheta, mwanangu, ndakulakwira."

Ananena zokhazo. Akazi awo atamva pobwerera kuti anangonena mawu atatu, anawagwira pachipumi kuona ngati atentha thupi.

Mawa lake munthu woyamba kukhala pampando wozungulira anabwera ndi mlamu wake wochokera kutali.

"A Wailesi, mlamu wangayu sanaimvepo ya ngozi ija. Tamugawireni, muyambire pa tayala."

"Nkhani imeneyo si yanga, achimwene. Weramani ndikonze kumbuyoku."

Pabenchi anayang'anana. Pofika masana mbiri inali itawanda kuti a Wailesi akudwala, ndipo mayi wina woyandikana nawo anabwera kudzawazonda. A Wailesi anayesa kukamba za mpira, za mitengo ya zinthu, za mvula, koma nthawi ndi nthawi lilime linkatsetserekera ku tayala, iwo n'kulibweza ndi chifuwa chonamizira.

Lachinayi mlangizi anawapatsa ntchito. Mpheta azolowerenso galimoto ngati wokwera makwerero, sitepe imodzi imodzi, ndipo womuperekeza akhale bambo ake omwewo amene anamukankha.

"Inu ntchito yanu ndi ziwiri," anawauza. "Kukhala pambali pake muli chete, ndipo akangoti titsike, mutsike. Osafunsa chifukwa, osanyengerera, osati tangopirira pang'ono. Ayenera kudziwa kuti mawu ake akhoza kuimitsa galimoto."

"Nanga tikatsika pathengo?"

"Mutsike pathengopo."

"Mayi, mayeso atsala masiku khumi ndi awiri!"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Sindikulonjeza kuti akalemba chaka chino. Ndikulonjeza kuti mukamuthamangitsa sakalemba."

Tsiku loyamba anangoima pasiteji kuonerera maminibasi, makondakitala akuwakokera uku ndi uku, a Wailesi akukana ndi manja ngati wosayankhula. Tsiku lachitatu Hutala, amene anali akuyendabe ndi manyazi, anabweretsa minibasi yake, n'kutsegula zitseko zonse, n'kupereka makiyi m'manja mwa Mpheta. Mtsikanayo anakhala mkatimo mphindi ziwiri, makiyi atawafumbata. Mawa lake anakhala mphindi khumi. Kenako anabweza makiyi yekha n'kunena kuti, "Lizani, koma musayende." Sabata isanathe anayenda mpaka pakona, tsiku lina mpaka pamsika.

Masiku ena zinkabwerera m'mbuyo. Lachiwiri lina njinga yamoto inaphulitsa utsi pafupi nawo, Mpheta anati titsike asanayende n'komwe, ndipo tsiku lonselo sanadye. A Wailesi anafika kunyumba atatupa ndi mawu.

"Mayi, ndiphulika ine! Munthu kukhala m'minibasi, woyandikana naye akunama poyera za mpira, ine osamuwongola!"

"Pirirani, bambo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanu uja wakutsatani miyezi iwiri, mulekeni apume."

Kuseri kwa matabwa kunamveka kaphokoso. Onse awiri anatembenuka. Anali Mpheta akuseka, pang'ono chabe, m'mphuno. A Wailesi anagwira akazi awo n'kuvina nawo kuzungulira tebulo popanda nyimbo, mayiwo akuwamenya ndi nsalu yopukutira mbale.

Tsiku la mayeso linafika Mpheta asanayendepo paminibasi kupitirira mphindi khumi ndi zisanu. Ulendowu unali wa theka la ola, ndipo msewu wake unkadutsa pamalo pomwe panachitikira ngozi. Geti la sukulu ankatseka eyiti koloko. Ananyamuka hafu pasiti sikisi, a Wailesi atavala jekete ndi nsapato zatsopano zowathina, ngati olemba mayeso ndi iwo.

Minibasi inadzaza. Anadutsa msika, anadutsa mlatho, anadutsa malo amene anali asanafikepo. A Wailesi ankayang'ana wotchi n'kumamwetulira okha. Kenako msewu unayamba kukhota motsetsereka, ndipo zala za Mpheta zinalowa m'mkono mwawo.

"Ababa, titsike."

A Wailesi anasuzumira pawindo. Kunali patchire, kusukulu kutatsala ulendo wapansi woposa ola ndi theka. Mawu anadzaza m'kamwa: tatsala pang'ono, tseka maso, chaka chonse chipita pachabe. Anawameza onse.

"Kondakitala, titsika pano."

"Pano si pasiteji, bambo. Mutsikira kutsogolo."

Apa ndiye mawu amene anasungidwa masabata awiri anapeza potulukira.

"Ndati imitsa galimoto! Mwana wanga wati atsika, ndiye atsika! Iwe dalaivala, makutu unasiya kunyumba? Ima!"

Dalaivala anaponda buleki ndi mantha, nkhuku ya mayi wina inalira, anthu anadandaula. Bambo ndi mwana anatsika, minibasi n'kupita.

Mpheta anakhala pamwala m'mbali mwa msewu, akupuma monga anamuphunzitsira mlangizi, kukoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa akuwerenga ndi zala. A Wailesi anakhala pansi pambali pake, jekete ndi fumbi lomwe. Inali teni pasiti seveni. Minibasi ina inadutsa ikuliza hutala, kondakitala akuwakodola. Inadutsanso ina. A Wailesi anavula wotchi n'kuiika m'thumba kuti isawayese.

"Ndi apo," Mpheta anatero, akuloza ngalande patsidya pa msewu. "Mnzanga uja anamugoneka apo, n'kumufunditsa nsalu ya mayi wina. Nsapato yake imodzi inali pamsewu. Ndinkafuna kukaitola, anthu anandigwira."

Analira. Bambo ake analira naye, chete, misozi ikugwera pa jekete. Sanadziwe kuti papita nthawi yaitali bwanji, ndipo mumtima anali atavomera kale kuti mayeso apita, adzalemba chaka chamawa.

Kenako Mpheta anapukuta m'maso ndi mkono, anaimirira, anakonza diresi. Kumtunda kunkabwera minibasi yoyera. Anakweza dzanja yekha n'kuiimitsa.

Anafika mlonda wa pasukulu atatseka kale chitseko chimodzi cha geti. Mpheta anathamanga, cholembera chili m'manja, koma atafika pageti anatembenuka.

"Ababa, pobwerera mwina tiyenda pansi."

Maola anayi, ndi nsapato zothina.

"Tiyenda, mwanangu. Kalembe."

Anakhala pa kakhoma ka pageti n'kuvula nsapato kuti mapazi apumiretu. Mlonda uja anamaliza kutseka, anawayang'anitsitsa, n'kuyandikira.

"Bambo, ndakuzindikirani, munandimetapo. Ameneyu si mtsikana wa ngozi uja, wosintha mpando uja?"

A Wailesi anayang'ana kumene mwana wawo analowera.

"Ndi mwana wanga, achimwene. Akulemba mayeso."